Sitima ya magetsi, njanji yakale kapena mabasi a msewu wawo: chingatichotse pamzere wa magalimoto pa msewu wa Great East n'chiti?

Ku Chelstone, mu Lusaka, basi sinyamuka chifukwa choti nthawi yakwana, imanyamuka ikadzaza. Mukafika pa siteshoni cha m'ma 6 koloko m'mawa mupeza ka Hiace kali ndi anthu asanu ndi mmodzi m'kati, kondakita ali pakhomo, ndalama za mapepala atazipinda m'litali n'kuzipanikiza pakati pa zala, dzanja linalo likumenya denga. "Tauni, tauni! Amayi tiyeni, awiri chabe atsala!" Mukangokhala, atatu mwa amene munawapeza aja amatsika mmodzimmodzi. Anali angwangwazi, ongokhalira mipando kuti basi ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza. Ikanyamuka, mpaka ku Munali zimayendako. Koma kuyambira pa yunivesite ya UNZA, kudutsa Arcades, Manda Hill ndi Northmead, mumayenda ngati mdipiti wa kumanda.

Nkhani ya sitima imayambikira pomwepo, pakati pa mzere. Tsiku lina anaiyamba ndi bambo wina wa jekete amene tinapanikizana naye mpando wa kumbuyo. "Anzathu ku Ethiopia ali ndi sitima ya malaiti m'tauni. Ife tidzafera m'ma Hiace." Basi yonse inavomera, kupatula kondakita. Alamu anga nawonso, amene anagula puloti ku Silverest ndipo akumanga pang'onopang'ono malinga ndi mmene mwezi wathera, nyimbo yawo ndi yomweyo. Akuti sitima ikadzafika kumeneko, puloti yawo idzakwera mtengo kawiri.

Sitima imene amanenayi ndi ija akatswiri amati light rail: mabogi awiri kapena atatu olumikizana, oyenda pa njanji m'kati mwa tauni, okoka magetsi pa waya wa m'mwamba, oima pafupipafupi ngati basi. Ndi yokongola, sindikana. Koma si njira yokhayo yotulutsira anthu a ku Chelstone, Chalala, Lilanda, Chilanga kapena Chongwe pamzere, ndipo musanaiombere m'manja ndi bwino muione pambali pa zinzake.

Choyamba tione mmene Lusaka inagonera. Njanji inafika kuno mu 1905, ndipo tauni inayambira m'mbali mwake. Mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kubwera kuno, atsamunda akukonzera anthu ochepa, a mayadi akuluakulu ndi mitengo m'misewu. Lero, malinga ndi kalembera wa 2022, mzindawu uli ndi anthu oposa 2 miliyoni. Nyumba zafalikira mbali zonse, koma mabasi onse amakathera pamalo amodzi, m'tauni: masiteshoni a Kulima Tower, City Market, Millennium, Lumumba. Munthu wa ku Mtendere wopita ku Chilenje nthawi zambiri amayamba walowa m'tauni, n'kukwera ina. Kuwonjezera apo, njanji yomweyo imadula mzinda pakati, ndipo wochokera kummawa ayenera kuoloka pa umodzi wa milatho yochepa, wa Great East, wa Church Road kapena wa Independence Avenue. Madzi a mtsinje wonse akuthiridwa m'botolo la kukamwa kumodzi.

Kukuza misewu

Iyi taiyesa kale, choncho sindichedwapo. Kuyambira 2018 kampani ya Afcons, ndi nkhongole ya Exim Bank ya ku India, inakuza misewu n'kumanga ma flyover ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Pa Munali pamene tinkataya nthawi yambiri, lero timangodutsa. Koma mzere sunafe, unangosamukira kutsogolo. Msewu ukakula, amene ankaopa kugula galimoto amagula, amene ankanyamuka 5 koloko amayamba kunyamuka 7, ndipo pakatha zaka zochepa mwabwerera pomwe munali. Basi ya anthu 16 imaimabe kumbuyo kwa galimoto ya munthu mmodzi. Misewu ya tala m'makomboni ndi ngalande zake n'zofunika, palibe wotsutsa. Koma kuwonjezera mizere pa Great East si mankhwala a wokwera basi.

Sitima ya magetsi ija

Mphamvu yake ili pa kuchuluka kwa anthu amene imanyamula. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuti musamutse anthu 10,000 pa ola limodzi ndi ma Hiace a anthu 16, mufunika maulendo oposa 600, kutanthauza mabasi khumi pa mphindi iliyonse. Sitima yonyamula anthu 300 ingachite zomwezo ndi maulendo 33 kapena 34. Ilibe utsi, mabogi ake amakhala zaka zambiri kuposa basi, ndipo njanji ikayalidwa palibe nduna kapena khansala amene angaisunthe mawa. N'chifukwa chake omanga nyumba za lendi ndi mashopu amaikhulupirira. Pamenepa alamu anga sakulakwa.

Tsono tipite ku Ethiopia komwe bambo wa jekete ankatamako. Sitima ya ku Addis Ababa inatsegulidwa mu September 2015: mizere iwiri, makilomita pafupifupi 34, masiteshoni 39, ndalama madola 475 miliyoni, zambiri mwa izo nkhongole ya ku China. Anagula masitima 41. Zaka khumi zisanathe, oposa theka anali ataima m'depoti chifukwa chosowa ma spare, amene amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Ndalama za matikiti sizinkakwana kuyendetsera ntchito, osanena zobweza nkhongole. Njanji ilipo, mawaya alipo, koma anthu amadikira nthawi yaitali n'kukwera mopanikizana monga momwe timachitira ife. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ya ku Abuja ku Nigeria inatsegulidwa mu 2018, inaima mu 2020 nthawi ya Covid, n'kudzayambiranso mu 2024. Vuto lake linali lina: masiteshoni ambiri anamangidwa kutali ndi kumene anthu amakhala. Iyi ndiyo imandiopsa kwambiri ndikamva anthu akunena za sitima yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Pa mapu imaoneka bwino, alendo akatsika ndege akwere sitima. Koma okwera ndege pa tsiku ndi angati poyerekeza ndi amayi a ku Kanyama ndi Chawama opita ku Soweto Market m'bandakucha?

Kumene yayenda bwinoko ndi ku Mauritius. Metro Express yawo, imene inayamba kumapeto kwa 2019, imalumikiza Port Louis ndi Curepipe, makilomita 26, ndipo mbali yaikulu inatsata njira ya njanji yakale imene inatsekedwa m'zaka za m'ma 1960. Matauni awo anandandalikana ngati mikanda pa ulusi umodzi, anthu ali thithithi m'mbali mwa njanji. Sitima imafuna zoterozo: anthu ambiri okhala pa mtunda woti n'kuyenda pansi mphindi khumi kufika pa siteshoni.

Nanga kwathu kuno kumene tikufuna kuitumiza kuli bwanji? Ku Silverest, Meanwood, Chalala ndi New Kasama ndi mapuloti akuluakulu, mpanda wa mabuloko, banja limodzi, galimoto pabwalo. Kuchoka pa geti kufika pa msewu waukulu ena amayenda makilomita awiri kapena atatu m'fumbi. Amene ali thithithi ndi a m'makomboni, Kanyama, George, Chipata Compound, Mandevu, Ng'ombe, Mtendere, Kalingalinga, ndipo kumeneko malo oyala njanji palibe popanda kugwetsa nyumba ndi kulipira chipukuta misozi. Amene sitima ingawafikire mosavuta ndi ochepa ndipo ali ndi magalimoto. Amene angaidzaze ndi ovuta kuwafikira. Kukumba pansi musakuganize n'komwe. Lusaka inakhala pa mwala wa laimu, madzi ali pafupi, ndipo aliyense amene anakumbapo chimbudzi ku Kanyama kapena kuona komboni ya Misisi m'mwezi wa January akudziwa chimene ndikunena.

Ndalama nazo. Pa mtengo wa ku Addis uja, kilomita imodzi inadya madola pafupifupi 14 miliyoni. Njanji ya makilomita 15 yokha ingapitirire madola 200 miliyoni, ndipo umenewo ndi mtengo wa 2015. Dziko lathu ndi lomwe mu November 2020 linalephera kulipira chiwongoladzanja cha nkhongole ya Eurobond cha madola 42.5 miliyoni, ndipo mpaka June 2023 m'pamene linagwirizana ndi maboma otikongoza za nkhongole ya madola 6.3 biliyoni. Munthu amene wangochoka kwa akaloba sathamangira kukatenga sofa ya pangongole.

Chotsiriza ndi magetsi. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo panali miyezi imene malaiti ankabwera maola atatu kapena anayi pa tsiku, mwina pakati pa usiku. Magetsi athu ambiri ndi a madzi, a Kariba ndi Kafue Gorge. Sitima ingapatsidwe waya wakewake wosazimitsidwa, monga amachitira ndi migodi, koma magetsiwo adzachotsedwa pakamwa pa wina, wometa tsitsi ku Kaunda Square kapena wowotcherera mageti ku Kalingalinga. Basi ikafa, anthu amatsika n'kukwera ina. Sitima ikaima pakati pa njira, zonse za kumbuyo kwake zaima.

Njanji imene tili nayo kale

Achinyamata ambiri sadziwa kuti Lusaka inali ndi sitima ya m'tauni. M'zaka za m'ma 1990 sitima ya Njanji inkanyamula anthu pakati pa Chilenje ndi George, kudutsa m'tauni. Sinathe zaka khumi. Amalume anga, amene ankagwira ntchito ku Industrial Area nthawi imeneyo, ananditenga tsiku lina Lamlungu titachoka ku tchalitchi kukandionetsa pamene ankakwerera. Tinaima pa kanjira ka fumbi, kumanja mpanda wa mabuloko wokhala ndi magalasi osweka pamwamba, kumanzere kantemba kogulitsa makala ndi tomato. Anakanda pansi ndi nsonga ya nsapato mpaka panaoneka miyala ija yophwanya imene amayala pansi pa njanji.

"Apa ndiye panali siteshoni, mphwanga. Tinkakwera ndi njinga zomwe."

"Nanga zitsulo zinapita kuti, amalume?"

Anangoseka, n'kuloza geti la nyumba ina.

Malo amene sitima inkadutsa anthu anamangamo. Kuti Njanji ibwerere lero, ndalama yoyamba siipita ku sitima koma kosamutsa mabanja. Limenelo ndi phunziro la mtengo wapatali kuposa lililonse la ku Addis: malo opitira anthu ambiri akatayika, kuwagulanso n'kodula kuposa njanjiyo.

Koma njanji yaikulu ya Zambia Railways, yochokera ku Livingstone kupita ku Kabwe ndi ku Copperbelt, ikadalipo. Kummwera imadutsa m'mbali mwa Misisi ndi Chawama, kupita ku Lilayi, dera la Chilanga mpaka Kafue. Kumpoto imatulukira ku Ngwerere. Siteshoni yake ili pakati penipeni pa tauni. Malo alipo kale, ndipo sitima ya dizilo siyembekezera Kariba. Ku Dar es Salaam anachita zomwezi mu 2012, kuika mabogi a anthu pa njanji zakale, sitima imene eni ake anaipatsa dzina la nduna ya nthawiyo, Mwakyembe. Ku Dakar ku Senegal anapita patali, anamanganso njira yonse yakale kukhala sitima yamakono ya TER imene inayamba mu December 2021, makilomita 36 kukafika ku Diamniadio.

Zovuta zake n'zoonekeratu. Njanji yathu ndi imodzi, choncho sitima ziwiri zimapatukirana pa malo ochepa okha, ndipo ya anthu iyenera kugawana njira ndi ya katundu. Ndi yakale, sitima imayenda pang'onopang'ono, ndipo m'malo ena anthu amayala malonda mpaka pa zitsulo penipeni. Sitima yobwera kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, siingachotse munthu pa basi. Iyenera kubwera mphindi 20 kapena 30 zilizonse, ndipo zimenezo zimafuna njanji yachiwiri, mipanda ndi zizindikiro zatsopano. Komanso kutalikirana kwa zitsulo zake ziwiri ndi mamilimita 1,067 pamene masitima ambiri a light rail amapangidwira 1,435, ndiye musaganize kuti mabogi a ku Addis mungangowakhazika pamenepo. Chachikulu koposa: njanjiyi siipita kummawa. Wa ku Chelstone, Avondale ndi Chongwe siimuthandiza ngakhale pang'ono. Ife a ku Chipata tikudziwa, sitima imene inafika kwathu mu 2010 inachokera ku Mchinji, osati ku Lusaka.

Mabasi a msewu wawo

Apa ndi pamene mtima wanga wagona, ndinene poyera. Chimene chimathamangitsa sitima si mawilo achitsulo, koma kuti njira ndi yake yokha, palibe galimoto yoitsekera. Basi nayo mukaipatsa mizere iwiri ya pakati pa msewu, yotchingidwa ndi konkire, masiteshoni okwera olingana ndi khomo, tikiti yogulira panja musanalowe, imathamanga chimodzimodzi. Imeneyi ndiyo BRT (Bus Rapid Transit). Inayambira ku Curitiba ku Brazil mu 1974, inatchuka ndi TransMilenio ya ku Bogotá mu 2000. Basi yaitali yopindika pakati imanyamula anthu pafupifupi 150, ndiye anthu 10,000 aja angatengedwe ndi mabasi osapitirira 70 pa ola. Kumanga kwake n'kotchipa kangapo poyerekeza ndi njanji, amakaniko a dizilo tili nawo kale, ndipo basi ikafika kumapeto kwa msewu wake ikhoza kutuluka n'kulowa m'Kaunda Square kapena ku Kamanga, chimene sitima singachite. Amene amadandaula za utsi aone ku Dakar komweko, kumene BRT yawo ya 2024 ndi ya mabasi a mabatire.

Amalonda athu opita ku Kariakoo anaikwerapo ya ku Dar es Salaam, imene kumeneko amati mwendokasi. Inayamba mu May 2016, makilomita pafupifupi 21, kutsata Morogoro Road kuchokera ku Kimara kufika ku Kivukoni, ndi ndalama za World Bank. Ulendo umene unkatenga maola unafupika kwambiri. Koma afunseni amene anapitako patapita zaka zingapo: mabasi anachepa, ambiri anawonongeka, anthu ankadzazana pa siteshoni mpaka kulowera pa windo. Depoti anaimanga ku Jangwani, m'dambo la mtsinje wa Msimbazi, ndipo madzi osefukira anaononga mabasi kangapo. Nthenda yake ndi yomwe ija ya ku Addis: ndalama yomangira inapezeka, yokonzera ndi kugula atsopano inasowa. Ife tomwe tinali ndi UBZ, kampani ya boma ya mabasi akuluakulu, imene inagwa m'katikati mwa zaka za m'ma 1990, ma minibasi n'kutenga malo. Kusiyana kwake n'kwakuti BRT ikadwala, msewu wa konkire umatsala ndipo kampani ina ingabweretse mabasi ake mwezi wamawa. Sitima ikadwala mumadikira chitsulo chochokera ku fakitale imodzi kutsidya kwa nyanja.

Minga yake iwiri ndi iyi. Woyamba ndi eni magalimoto, amene adzalandidwa mzere pa Great East ndi Kafue Road, ndipo ndi iwowo amene amakhala m'maofesi osainira mapepala. Msewu wa mabasi wongopaka penti, wopanda chotchinga, pa Lusaka pano sungathe sabata; woyamba kulowamo adzakhala wa galimoto ya magalasi akuda. Munga wachiwiri ndi kondakita uja sanavomere nawo. Kumbuyo kwa Hiace iliyonse kuli mwini wake woyembekezera cashing madzulo, dalaivala, kondakita, ngwangwazi, wotsuka, wogulitsa matayala akale. Walira mvula walira matope. Ku Johannesburg, pamene BRT yawo ya Rea Vaya inkayamba mu 2009, mkangano ndi eni mataxi unali woopsa, ndipo njira imene anapeza inali yowapatsa masheya m'kampani yoyendetsa mabasi atsopanowo. Kuno nakonso, kaya ibwere sitima kaya BRT, ma Hiace ndi ma Rosa sadzatha. Ntchito yawo idzasintha, kutenga anthu m'kati mwa komboni kuwatula pa siteshoni yaikulu. Koma ngati wokwera adzalipira kawiri, ya Hiace payokha ya basi yaikulu payokha, adzabwerera ku Hiace yopita mpaka ku Kulima Tower ngakhale ichedwe. Tikiti iyenera kukhala imodzi.

Pali china chimene sichikhala pa zikwangwani za kampeni. Pulani ya mzinda imene bungwe la ku Japan la JICA linathandiza kulemba mu 2009 inapeza kuti maulendo oposa theka mu Lusaka ndi apansi. Imani pa Lumumba Road kapena Los Angeles Road m'mawa muone chinamtindi cha anthu ochokera ku Kanyama ndi Matero, akuyenda m'mphepete mwa tala, malole akuwapemerera fumbi. Amenewa sakwera basi chifukwa ndalama yake ndi ya ndiwo. Sitima ya tikiti yodula kuposa Hiace siidzawakweza. Ndalama ya kilomita imodzi ya njanji ingamange tinjira ta apansi ndi ta njinga tambirimbiri, ndi magetsi a mumsewu. Kwathu ku Chipata njinga ndi basi, ndi ambulansi, ndi lole. Kuno munthu amaopa kuipalasa chifukwa alibe poipalasira.

Ndiye ndikanakhala ine wogawa, sindikanasankha chimodzi cha mzinda wonse. Kummwera, ku Chawama, Lilayi, Chilanga ndi Kafue, ndi kumpoto ku Ngwerere, ndikanakonza njanji ilipoyo, kuyamba ndi malo opatukirana ndi mipanda. Kummawa, pa Great East kuchokera ku Kabwe Roundabout mpaka Chelstone, ndikanaika BRT pakati pa msewu, kenako Lumumba Road kulowera ku Matero. Kupitirira Chelstone, kumene nyumba zikadali patalipatali, ndikanangoika zikhomo: Khonsolo ya Lusaka, ya Chongwe ndi a Unduna wa Malo agwirizane mzere wa mamita 30 kapena 40 umene palibe adzapatsidwe puloti, n'kuulemba m'mapepala a mwini malo aliyense woyandikana nawo. Tsiku limene mabasi aatali adzayamba kubwera mphindi iliyonse koma n'kumasiyabe anthu pa siteshoni, ndiye kuti nthawi ya light rail yakwana, ndipo njanji idzayalidwa pa msewu wa mabasi womwewo popanda kugwetsa nyumba ya munthu.

Akadzaitanitsa msonkhano ku holo ya m'dera lanu n'kukuonetsani chithunzi cha sitima yonyezimira, funsani kuti siteshoni ili mphindi zingati kuchoka pakhomo panu, tikiti idzakhala zingati poyerekeza ndi Hiace, ma spare adzagula ndani chaka chachisanu, ndipo nkhongoleyo ndi ya madola kapena ya makwacha.

Alamu anga ndinawauza zonsezi Loweruka lapita, titakhala pa mabuloko pa puloti yawo, amisiri akusakaniza simenti. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndamva alamu. Koma mzere wa mamita 40 mukunenawo usadzadutse pano, ndathira kale slab."